Kuchoka ku Likoma kubwerera m'tauni: momwe kujambula kumathandizira mutu kukhazikika

Mphunzitsi, namwino kapena wapolisi amene wagwira ntchito ku Likoma kapena ku Chizumulu zaka zitatu amatsika sitima ya Ilala pa Nkhata Bay ali ndi mtima woti akubwerera kwawo. Lilongwe amamudziwa, Blantyre anakuliramo. Koma sabata yoyamba tulo sitibwera, pamsewu amaima nthawi yaitali osawoloka, ndipo akalowa mumsika wa Limbe amatuluka mutu ukuwawa asanagule chimene anapitira. Achibale amati wayamba ulesi wa kunyanja. Si ulesi ayi. Thupi lake linaphunzira moyo wina, ndipo likufunika nthawi ndi njira kuti liphunzirenso uno.

Tiyambe ndi kukula kwa kusinthako. Likoma ndi chilumba cha masikweya kilomita 18 kukula kwake, Chizumulu ndi chaching'ono kwambiri kuposa pamenepo, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 14,500 m'boma lonselo. Kalembera yemweyo anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre. Pachilumba nkhope iliyonse ili ndi dzina kapena mbumba yake, ndipo kupitirira munthu osapereka moni ndi mwano. M'tauni munthu amakumana ndi nkhope mazana ambiri pa ola limodzi, ndiye mutu wozolowera kufunsa kuti "uyu ndi wa kwa yani?" umagwira ntchito imene siitha.

Nthawi nayo imayenda mosiyana. Pachilumba sabata imapindika pa tsiku la sitima, popita kumpoto ndi pobwerera kumwera. Mwezi umawerengedwa ndi mdima, chifukwa usipa umakokedwa ndi nyali pamene mwezi kulibe. Chaka chimadziwika ndi mphepo: mwera ukalimba m'miyezi yozizira, ulendo wa pa boti umadikira, ndipo palibe amene amakwiya nazo. Zonsezi ndi nthawi zooneka ndi maso. Nthawi ya m'tauni ili pa foni, pa mayunitsi a magetsi amene akutha, pa tsiku la lendi.

Koma zimene zimatopetsa kwambiri ndi maso ndi makutu. Munthu ataima pa gombe ku Likoma, kum'mawa amaona mapiri a ku Mozambique, kumadzulo madzi mpaka pamene akumana ndi thambo. Ku Area 25 kapena ku Ndirande diso limagunda mpanda wa njerwa pa mamita atatu. Phokoso la pachilumba lili ndi mwini wake: ilo ndi funde, ilo ndi belu la tchalitchi cha St Peter's, iyo ndi injini ya boti la uje. Limabwera n'kupita. La m'tauni ndi losanjikizana, la oyitanira, njinga zamoto, jenereta, zokuzira mawu za shopu ndi za tchalitchi, ndipo khutu limalephera kuligawa. Bungwe la World Health Organization limati kuti munthu agone bwino, phokoso losalekeza m'chipinda lisapitirire madesibelo 30 pa muyeso wa kukula kwa phokoso. Nyumba ya m'mbali mwa msewu waukulu kapena yoyandikana ndi bala imapitirira pamenepo mosavuta.

Akatswiri awiri a za maganizo a ku University of Michigan, Rachel ndi Stephen Kaplan, anafotokoza kuti chidwi cha munthu chili pawiri. China ndi chokakamiza, chimene timagwiritsa ntchito powoloka msewu, powerenga chenji, posamala thumba m'khamu. Ichi chimatopa ngati mnofu. China chimabwera chokha, monga poyang'ana madzi, mitambo kapena moto, ndipo chimapumitsa choyambacho. Pachilumba munthu amakhala mu chachiwirichi maola ambiri. M'tauni choyamba chija chimagwira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Apa ndi pamene kujambula pamanja kumalowera: kumatenga msewu umene ukukuopsezani n'kuusandutsa chinthu choyang'ana mwachifatse, monga munkayang'anira nyanja. Mu 2016 Girija Kaimal ndi anzake ku Drexel University anayeza malovu a anthu akuluakulu 39 asanayambe ndi atamaliza mphindi 45 zopanga zaluso, ndipo mwa anthu atatu pa anayi alionse cortisol, mchere wa m'thupi umene umakwera munthu akapanikizika, unatsika. Luso la munthuyo silinasinthe zotsatirazo. Anali kafukufuku wamng'ono, koma mfundo yoti simufunika kukhala katswiri ndi yofunika kuisunga.

Musayambe ndi nyanja

Pafupifupi aliyense wochokera kuchilumba akagwira pensulo amajambula bwato, mlambe ndi dzuwa likulowa. N'zomveka, koma malangizo athu ndi akuti mwezi woyamba nyanja muisiye. Chithunzi chochokera m'mutu sichiphunzitsa diso chilichonse chatsopano, chimangokulitsa mpata pakati pa kumene mtima uli ndi kumene thupi lili. Mukamaliza, mumakweza maso n'kupeza mpanda uja waipirapo. Chimene munabwera nacho kuchilumba chamtengo wapatali si zithunzi za m'mutu, ndi luso lodikira ndi kuyang'anitsitsa, lomwe lija msodzi amadziwira kuti mphepo isintha madzi asanachite mafunde. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Luso limenelo ndi loti mulitembenuzire ku tauni.

Zofunika ndi zochepa: kope lopanda mizere lokwana m'thumba, bolopeni yakuda, ndi kachidutswa ka katoni ya sopo. Tikuti bolopeni osati pensulo chifukwa woyamba kumene akakhala ndi chofufutira amatha mphindi zonse akufufuta mzere umodzi. Pa katoniyo dulani kazenera ka masentimita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali. Mukakagwira patsogolo panu n'kutsinzina diso limodzi, msewu wonse wa piringupiringu umatsala kachigawo kamodzi: ngodya ya denga la malata, waya wa magetsi, theka la chikwangwani. Jambulani zokhazo zimene zili m'kazenerako. Kachipangizo aka kamachita ntchito imene mutu ukulephera kuchita wokha, yosankha choti uone ndi choti usiye.

Sankhani malo amodzi osapitirira mphindi zisanu kuchoka pakhomo, ndipo muzipitako ola lomwelo kwa masiku 14, mphindi 15 patsiku. Musaonjezere. Amene amayamba ndi maola awiri Loweruka amasiya sabata yachiwiri. Kubwerera pamalo amodzi n'kumene kumabweretsa phindu, chifukwa pofika tsiku lachisanu mumayamba kudziwa kuti mayi wa mandasi amafika nthawi yakuti, mthunzi wa mtengo wa magetsi umakhudza ngalande nthawi yakuti, minibasi yopindika bampala imadutsa kawiri. Tauni imayamba kukhala ndi nyengo zake zooneka, ngati nyanja. Pansi pa tsamba lililonse lembani tsiku, ola ndi kumene mphepo ikuchokera.

Sabata yoyamba jambulani zosayenda. Poyeza, tambasulani mkono wonse, chigongono chisapindike, gwirani bolopeni choimika, nsonga yake ifanane ndi pamwamba pa chitseko, chala chachikulu chitsike mpaka pansi pake. Muyeso umenewo ndiye ndodo yanu: khoma ndi zitseko zingati m'litali, denga lakwera zitseko zingati. Cholakwika chofala ndi kupinda chigongono pakati pa miyeso iwiri, ndipo nyumba imatuluka yopendekeka. China ndi kujambula zimene mukudziwa m'malo mwa zimene mukuona. Mutu umadziwa kuti tayala ndi lozungulira, koma mukaiona minibasi chakutsogolo kapena chakumbuyo pang'ono, tayala limaoneka ngati dzira loimika.

Sabata yachiwiri onjezerani anthu. Siteji ya minibasi ndi sukulu yabwino chifukwa galimoto imaima kudikira kudzaza, ndipo kondakitala amabwereza kaimidwe kamodzi nthawi zambiri. Munthu mmodzi mpatseni masekondi 30: mzere wa msana poyamba, kenako mwendo umene wanyamula thupi, kenako katundu. Nkhope isiyeni. Mutu wa munthu wamkulu umalowa m'thupi lake kasanu ndi kawiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo oyamba kumene amaukulitsa. Pali chinsinsi chimodzi chimene chimakonza chithunzi cha khamu nthawi yomweyo: mukaimirira pamalo athyathyathya, mitu ya anthu onse oimirira, apafupi ndi akutali, imakhala pafupifupi pa mzere umodzi, wofanana ndi maso anu. Chimene chimasiyana ndi mapazi, a wapafupi ali m'munsi mwa pepala, a wakutali ali m'mwamba. Lembani mzere wa maso poyamba, mupachikepo mitu, matupi atsike kuchokera pamenepo. Mukakhala pansi kapena pamtunda wa ku Ndirande lamuloli limasintha, chifukwa mzere wa maso anu wasuntha.

Makutu nawo ali ndi zochita zawo. Khalani pakhonde mphindi 10, ikani kadontho pakati pa tsamba koimira inu, ndipo phokoso lililonse limene mwamva mulilembe ndi chizindikiro mbali imene likuchokera, lapafupi pafupi ndi kadonthoko, lakutali kumphepete. Chigayo chikhale mzere wokhuthala wosaduka, hutala kakhale kamzere kakuthwa, tambala kakhale kambedza. Mukachita madzulo atatu otsatizana mudzapeza kuti chimene chinkamveka ngati chiphokoso chimodzi ndi mawu asanu ndi atatu kapena khumi, aliwonse ndi mwini wake ndi ola lake. Phokoso limene khutu lalipatsa dzina silidzidzimutsanso ngati kale.

Mawu ochepa a ulemu ndi chitetezo. Mumsika perekani moni kwa amene mwakhala pafupi ndi benchi lake, muwauze kuti mukuphunzira kujambula, muwaonetse kope. Anthu amakayikira wolemba zinthu mobisa, amaganiza kuti ndi wa khonsolo kapena wa msonkho. Mwana musamujambule popanda kholo lake kuvomera. Pafupi ndi nyumba ya boma, malo a asilikali, polisi ndi bwalo la ndege musatulutse kope n'komwe. Foni ikhale m'thumba la mkati, chifukwa wojambula maso ake amakhala kwina.

Makala ndi dothi la komweko

Bolopeni ikazolowereka, manja amafuna chinthu chofewa. Penti wa m'mashopu ndi wokwera mtengo, koma pali chifukwa china chopangira zida zanu: kumakukakamizani kuyenda m'dera lanu mukufunafuna nthambi ndi dothi, ndipo ntchito yake ndi yapang'onopang'ono ngati kuyanika usipa.

Makala ophikira sajambula bwino, ndi olimba ndipo amakanda pepala. Ojambulira amapangidwa ndi timitengo tofewa, monga ta mabulosi kapena mpesa, tonenepa ngati pensulo, mamilimita 5 mpaka 8, totalika masentimita 10 mpaka 12. Tisendeni makungwa tikadali tatiwisi, tiyanikeni pamthunzi sabata imodzi kapena ziwiri. Pezani chitini chokhala ndi chivindikiro chothina, chotsukidwa bwino, chimene sichinasungepo petulo kapena mankhwala. Boolani bowo limodzi pa chivindikiro ndi msomali. Longedzani timitengo tothinana kuti tisapindike, tsekani, ikani pa mbaula yoyaka bwino, panja. Poyamba pabowo pamatuluka utsi woyera, umene ndi chinyezi, kenako utsi wachikasu umene umatha kuyaka ngati kandulo. Lawi limenelo likazima ndipo utsi watha, kawirikawiri pakatha mphindi 45 mpaka ola limodzi, chotsani chitini ndi mbaniro. Musatsegule. Apa ndi pamene ambiri amataya ntchito yonse: makala otentha akakumana ndi mpweya amayaka n'kusanduka phulusa. Dikirani mpaka chitini chizizire kwenikweni. Mukathyola kamodzi n'kupeza m'kati muli mofiirira, moto unachepa, bwezeranipo. Akamanyenyeka m'manja, timitengo tinali tating'ono kwambiri kapena mpweya unkalowa m'mbali mwa chivindikiro.

Makala amafuna pepala lokhakhala. Pa pepala losalala la fotokope amatsetsereka. Mapepala a khaki okutira katundu ndi abwino, ndipo m'kati mwa thumba la simenti mutapukuta bwino mumagwiranso. Chithunzi chikatha chimafufutika ndi chala chimodzi, ndiye chimafuna kumangidwa. Mankhwala ake enieni amapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito sipuleyi ya tsitsi: imikani pepala, fayirani muli pa masentimita 30, kawiri mopepuka m'malo mwa kamodzi mothithimitsa. Dziwani kuti pakapita zaka imachititsa pepala kukhala lachikasu, choncho ndi ya zophunzirira, osati chithunzi chimene mukufuna kusunga moyo wonse.

Utoto uli pansi pa mapazi. Katondo wofiira, makande akuda, dothi lotuwa la m'dambo, njerwa yowotcha yosinjidwa, zonsezi ndi mitundu. Tengani dothi lodzaza kapu imodzi, liyanikeni, lisinjeni, lisefeni ndi sefa ya ufa yakale. Thirani m'botolo loonekera m'kati pamodzi ndi makapu asanu a madzi, khutchumulani kwambiri, dikirani pafupifupi mphindi imodzi kuti mchenga ukhale pansi. Tsanulirani madzi amatope apamwambawo m'chiwiya china, mchenga utsale. Madziwo agone usiku wonse. M'mawa tayani madzi oyera apamwamba mosamala, ndipo phala losalala lotsala pansi liyanikeni pa mbale. Umenewo ndiye ufa wa utoto. Mukafulumira kutsanula, mchenga umalowa ndipo bulashi imakanda. Mukachedwa kwambiri, utoto wabwino umatsikira limodzi ndi mchenga.

Ufawo pawokha ukauma umayoyoka, umafuna chomatira. Chosavuta ndi guluu woyera wa akalipentala, gawo limodzi ku magawo atatu a madzi. Chachikale ndi utomoni wa mthethe: gawo limodzi m'magawo awiri a madzi ofunda, usungunuke usiku wonse, musefe ndi kansalu, muonjezere kadontho ka uchi kuti utoto usang'ambike ukauma. Yolk ya dzira, kachikasu kaja, kosakaniza ndi madzi ofanana nako kamapereka utoto wolimba wowala pang'ono, koma muzipanga wa tsiku limodzi lokha chifukwa umanunkha mawa lake. Yesani motere: pakani kamzere, kaume, kapukuteni ndi chala. Kakadetsa chala, chomatira chachepa. Kakanyezimira ngati pulasitiki n'kung'ambika, chachuluka. Phala la chinangwa limamata bwino ndithu, ndipo wa kunyanja amalidziwa, koma m'nyumba za lendi limaitana mphemvu, zimene zimadya chithunzi usiku umodzi.

Kusunga ndi vuto lina. M'dzinja, ndiponso m'masiku a chiperoni ku Blantyre, chinyezi chimabweretsa chuku pa mapepala. Musawatsamiritse ku khoma lakunja kapena kuwaika pansi pa simenti, kumene chiswe chimafikanso. Aikeni chogona pakati pa makatoni awiri, pamwamba pa kabati, pepala loyera pakati pa chithunzi ndi chinzake, ndipo tsiku la dzuwa muziwatulutsa apitidwe mphepo pamthunzi. M'jumbo ya pulasitiki muike okhawo amene auma kotheratu.

Amene amayamba ndi dothi amazindikira msanga kuti tauni ili ndi mitundu yake, imene poyamba inkaoneka ngati fumbi lokhalokha. Lilongwe ndi wofiirira, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala jakaranda amamuthira mtundu wa chibakuwa pamwamba. Blantyre ali ndi mwayi umene wa kuchilumba ayenera kuugwiritsa ntchito: Ndirande, Soche ndi Michiru zimaoneka kuchokera m'misewu yambiri, ndipo diso lolakalaka kutali limapeza popumira. Kamodzi pa sabata pezani malo okwera, mujambule mzere wa phiri wokha, mphindi zisanu.

Anthu, msika ndi malire ake

Pachilumba luso silichitika pawekha. Malipenga, chioda ndi kwaya ndi za gulu, ndipo munthu akafika m'tauni chimene amasowa kwenikweni nthawi zina si nyanja koma kuyeserera kwa madzulo kuja. Kope silingalowe m'malo mwa zimenezo. Pezani mnzanu mmodzi kapena awiri oti muzijambula limodzi Loweruka m'mawa, kapena lowani kwaya ya pa tchalitchi chapafupi. Kuona ntchito za ena kumathandizanso: ku Blantyre kuli malo oonetsera zojambula a La Caverna m'nyumba yakale ya Mandala ndi nyumba yosungira za makedzana ku Chichiri, ndipo ku Mua kuli Kungoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komwe osema ndi ojambula akhala akuphunzira kwa zaka zambiri.

Chenjerani ndi mawu akuti "bwanji osagulitsa?" Amabwera msanga, ndipo ndi a chikondi, chifukwa m'tauni chilichonse ndi ndalama. Koma msika wa alendo umafuna bwato, dzuwa lolowa ndi mayi wosenza mtsuko, zomwe zija tanena kuti muyambe mwazisiya. Mukayamba kujambulira wogula, chidwi chokakamiza chija chimabwerera, ndipo chimene chinali mpumulo chimasanduka ganyu. Ngati mukufuna kugulitsa, khalani ndi makope awiri, ndipo la m'thumba lisaonedwe ndi wogula aliyense.

Kusowa mtendere kwa masabata oyamba kumachepa pang'onopang'ono. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira mtima uli wosweka tsiku lonse, chakudya sichikulowa, tulo tasoweratu, zimene munkakonda sizikukomanso, mowa wayamba kuchuluka, kapena mukuganiza zodzivulaza, imeneyo si nkhani ya makala ndi pepala. Pitani kuchipatala chapafupi mukafotokoze monga mmene mungafotokozere malungo. Thandizo la matenda a maganizo lilipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi ku chipatala cha Zomba Mental, ndipo maganizo odzivulaza sadikira masabata awiriwo, ndi a tsiku lomwelo.

Nyanja ija mudzaibwerera. Masabata anayi kapena asanu ndi limodzi akatha, kope loyamba litadzaza, yalani masamba onse pa mkeka motsatira masiku, muone pamene mizere inasiya kunjenjemera. Kenako tengani pepala lalikulu mulipinde pakati. Mbali imodzi jambulani malo amodzi enieni a pachilumba, osati nyanja wamba: mwala wakutiwakuti wa pa Mbamba, thandala loyanikapo usipa kuseri kwa nyumba imene munkakhala, khomo la tchalitchi cha ku Chipyela monga limaonekera pochokera kumsika. Mbali inayo jambulani ngodya ya msewu imene mwakhala mukuiyendera, ndi makala omwewo ndi katondo yemweyo. Mzere wa maso ukhale umodzi, udutse pa mpindiro kuchoka mbali ina kufika inzake.